Malaya Opanda Thumba

9 Malichi

Okondedwa Bambo a Phwiti,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko pamodzi ndi zitsulo zanu. Kuno tilipo, kupatula bondo langa lomwe masiku ano limalira limodzi ndi makina ndikasoka tsiku lonse.

Kalatayi ndapatsira achimwene pa lole yawo monga mwa nthawi zonse, chifukwa pafoni inu mumangoti "zili bwino, zili bwino," kumbuyo kukulira galaindala yanu yodulira zitsulo, kenako mwadula. Papepala pokha ndi pamene mumaoneka kuti muli ndi pakamwa.

Nkhani ndi iyi: mwana wanu akukwatiwa. Mbali zonse zagwirizana, ukwati ndi Loweruka lachiwiri la Okutobala. Mwamuna ndi yemwe uja wokonza mafiriji, wamanyazi uja amene anakupatsani moni kawiri tsiku limodzi. Phwiti yemwe munkamunyamula ndi dzanja limodzi, lero akundiuza ine, telala wa zaka zonsezi, mmene manja a diresi amakhalira.

Tumizani tizingwe ta muyezo: ka khosi, ka chifuwa ndi ka mkono. Nsalu ndagula kale, yabuluu, yonga ija munavala pondifunsira, koma iyi ndi yodula chifukwa tsopano ndine wa nzeru. Musanditumizire waya ngati chaka chija.

Munapita mukuti zaka ziwiri zokha, tifolere nyumba. Nyumba inafoleredwa, malata ayamba ndi dzimbiri lomwe. Ulendo uno musanditumizire malaya okha kuti akakhale pampando wa bambo wa mkwatibwi.

Ndine,
Mayi a Phwiti

30 Malichi

Mayi a Phwiti,

Moni. Ine ndili bwino. Bondolo muzilipaka mafuta, osati a makina.

Nkhani ya mwana yandisangalatsa kwambiri. Ndinaiwerenga nditakhala pa geti lomwe ndinali ndisanamalize kuwotcherera, mpaka mayi wogulitsa chakudya pafupi ndi shedi yathu anandifunsa chomwe ndikusekera ndekha. Ndi mayi wabwino, amandisungira mbale ndikachedwa.

Tizingwe ndi timeneto. Kolala musaithinitse. Thumba la pachifuwa musaiwale, mukudziwa kuti choko changa cholembera pachitsulo sichikhala kwina, ngakhale ku ukwati.

Za kubwera tidzaona. Ntchito yachuluka, abwana alandira mageti ndi mafelemu a mawindo a sukulu yonse. Okutobala akadali kutali.

Mundipatsire moni Phwiti ndi wamafiriji wakeyo.

Bambo a Phwiti

14 Epulo

Bambo a Phwiti,

Moni ndikupatsani chifukwa ndinaleredwa, koma mtima wanga suli m'malo.

Mukudziwa kuti tizingwe tanu tonse ndimatisunga pamsomali kuseri kwa makina, chaka ndi chaka. Sindinatayepo ngakhale kamodzi. Ta chaka chino nditatiika pambali pa ta chaka chatha, mkono ndi womwewo, chifuwa ndi chomwecho, koma khosi lakula ndi zala ziwiri zathunthu. Ndinayeza ndi tepi, ndinavala magalasi, ndinapita nato panja padzuwa. Zala ziwiri.

Ine ndasokera amuna ambiri malaya. Mwamuna amene wayamba kudya bwino amayambira pakhosi. Ndiye ndifunse: mbale imene imasungidwayo ndi yaikulu bwanji? Mayi wabwinoyo amasungira amuna onse a pashedipo, kapena mmodzi yekha wosekera pageti? Zaka zonsezi simunalembepo za munthu aliyense kuti ndi wabwino, ngakhale ine.

Ndipo tsopano ukwati wa mwana wanu mmodzi yekhayo wasanduka "tidzaona." Mageti a sukulu! Ana a sukuluyo akuthawa ndani?

Ngati mwapeza kwanu kumeneko, nenani. Sindidzalira pamsewu, sindine mtsikana. Koma musandisoketse malaya oti mukavalire munthu wina.

Mayi a Phwiti

2 Meyi

Mayi a Phwiti,

Moni. Ndinaseka nditawerenga, kenako kuseka kunatha. Mayi wa mbaleyo ali ndi zidzukulu zakezake ndipo mano atsala anayi. Sindinanenepe.

Ndinkafuna kukuuzani ukwati ukadutsa, koma tepi yanu yandigwira. Chaka chatha ndikumeta ndevu ndinapeza chotupa m'munsi mwa khutu lakumanja. Ndinati ndi mwanabere wamba, aphwa yekha. Sanaphwe. Panabweranso wina pambali pake, ndi wina m'khwapa. Sapweteka. Abwana ndi amene anandikankhira kuchipatala. Kumeneko anadula kanyama kakang'ono kukayeza, anandijambula mkati, anatenga magazi. Akuti ndi khansa ya m'mwanabere, dzina lake limfoma.

Mankhwala sanandipatse. Anati panopa palibe choti achite, ndizipita kunyumba, tidikire.

Nkhani ya kolala ndi imeneyo. Phwiti musamuuze.

Bambo a Phwiti

29 Meyi

Bambo a Phwiti,

Moni.

Mwezi ndi theka, zii. Achimwene sanafikebe, akuti lole inafera panjira, koma foni muli nayo. Ndikudziwa kuti munaimba kawiri ine osayankha. Munthu wosalakwa amaimba kachitatu.

Kukhala chete kwanu ndakumva. Malaya abuluu ndawadula kale, ndiwamaliza chifukwa nsalu sinalakwe. Mayi wanu wa mbaleyo mumuuze akuchapireni ndi madzi ozizira, nsaluyi imasuluka.

Mayi a Phwiti

21 Juni

Ababa,

Muli bwanji? Ndine Phwiti. Ndikulemba Amayi asakudziwa, ndipo musandikalipire, chifukwa munandiphunzitsa nokha kuti chitsulo chikang'aluka sachipaka penti.

Kalata yanu ya pa 2 Meyi yafika sabata yatha. Inakhala m'lole ya amalume nthawi yonse imene ankadikira zipangizo za giya. Ya Amayi yaukali ija anapatsira dalaivala wina, ndiye makalatawo anaphonyana panjira. Amayi akuti muiwotche.

Yanuyo anaiwerenga ataimirira, kasitomala ali pompo akudikira siketi yake. Anamaliza kumuika mapini bwinobwino, anamuperekeza pakhomo, kenako anakhala pansi pasimenti, osati pampando. Ine ndinatola kalatayo. Choncho ndikudziwa, ndipo musawaimbe mlandu.

Ababa, mukukumbukira mawu amene adokotala ananena Agogo atadwala komaliza? Anati, "Palibe choti tichite, pitani nawo kunyumba." Sanathe milungu itatu. Inu mwalemba mawu omwewo, pafupifupi mwandondomeko yomweyo. Amayi sakumva china chilichonse.

Sakulira. Bola akanalira. Malaya abuluu aja awapinda n'kuwaika pansi pa sutikesi. Agula nsalu yoyera ndipo akusoka malaya ena, pang'onopang'ono, mbali zina ndi singano yapamanja. Dzulo ndinawayang'ana atawapachika, ndinati, "Amayi, mwaiwala thumba la choko." Anati, "Sindinaiwale. Kumene akupitako salemba pachitsulo." Ndinatuluka panja.

Akufunanso kukapempha kwa apongozi anga kuti ukwati ukhale mwezi wamawa, kuti mudzauone. Diresi langa lili pahafu, koma zimenezo sindikudandaula nazo.

Ine ndinapita kuchipatala chachikulu cha kuno kukafunsa. Nesi wina anati sanganene za wodwala amene sanamuone, koma anati mtundu wina wa matendawa umayenda pang'onopang'ono kwambiri, moti madokotala amayamba ndi kungouyang'anira. Anati odwala otere amawaona kuno komwe, bola abwere ndi kalata ya dokotala wawo ndi zotsatira zonse. Nditawauza Amayi anati kandimverere anakanena za m'maluwa.

Ndiye lembani nokha, Ababa. Lembani zambiri, musaumire mawu ngati mukugula. Kodi anakutayani, kapena akukuyang'anirani? Ine ndikufuna mudzandigwire dzanja polowa, koma ndisanafune zimenezo ndikufuna kudziwa zoona.

Mwana wanu,
Phwiti

7 Julayi

Mayi a Phwiti,

Moni, mkazi wanga. Pepani sapoletsa chilonda, koma pepani. Ine ndinazolowera kudula chitsulo pamuyezo weniweni osasiyako, ndiye ndinadulanso mawu mpaka anakubayani. Lero ndapempha tsiku kwa abwana, ndakhala pabedi, pepala lili pabondo. Ndilemba mpaka lithe.

Sananditaye. Ndinamufunsa dokotalayo funso lomwelo, maso ndi maso. Ndi mayi wamfupi, wolankhula mosathamanga. Ndinati, "Adokotala, ngati ndikufa ndiuzeni, ndili ndi mwana woti ndimukwatitse." Anati, "Bambo, sitikukusiyani. Mtundu wanuwu umayenda pang'onopang'ono. Tikakupatsani mankhwala amphamvu lero, pamene simukumva kupweteka ndipo magazi ali bwino, tikufooketsani chabe, masiku anu sitiwonjezera. Mankhwala alipo, tikuwasungira nthawi yake." Anati ena amakhala zaka zambiri asanawafune. Sanandilonjeze kuti ine ndidzakhala mmodzi wa iwo, ndipo sindikulonjezani zimene iye sanalonjeze.

Ndimapita miyezi itatu iliyonse. Amandikweza pasikelo, amatenga magazi, amapapasa pakhosi, m'khwapa ndi pamimba, amayeza zotupazo ndi kalula kakang'ono. Amandifunsa ngati ndimatuluka thukuta lonyowetsa zofunda, ngati thupi limatentha popanda chifukwa, ngati ndikuonda, ngati ndikutopa msanga. Ndimati ayi. Amati, "Tionane pakatha miyezi itatu." Basi.

Mukaganiza kuti ndi nkhani yabwino, ndi yabwinodi. Koma ndikuuzeni mmene imakhalira. Pabenchi yodikirira ndimakhala ndi anthu ometedwa ndi mankhwala, ena atanyamula mabeseni. Iwo akumenya nkhondo. Ine ndimatuluka ndi kakhadi kolembedwa tsiku, manja lendelende ngati munthu amene anangobwera kudzaona anzake. Ndimachita manyazi kuwadutsa. Ndikafika kushedi, ndikawotcherera pang'ono, ndimakweza chigoba chakumaso n'kupeza dzanja lafika kale pakhosi. Lakula? Silinakule? Mmawa ndimaona ngati laphwa, madzulo ngati lakula. Kukatentha ndikatuluka thukuta, ndimati matenda aja ayamba, kuiwala kuti ndaima pafupi ndi moto. Ine ndine munthu wokonza zinthu. Chinthu chikathyoka ndimachigwira tsiku lomwelo. Ichi akuti ndichiyang'ane chabe.

Tsopano za kubwera. Mageti a sukulu alipodi, koma si amene akundigwira. Kuno, kupatula abwana, palibe akudziwa. Anzanga amandinyoza za mpira, amandibera sopo, amanditcha Mdala wa Choko. Kwa iwo ndine wamoyo. Ndikabwera kumeneko, aliyense azidzandipatsa moni wotsitsa mawu. Azidzandilanda ndowa m'manja. Inuyo muzidzandiyang'ana pakhosi m'malo mwa pankhope, ndipo ndizidzaona mantha anga m'maso mwanu tsiku lililonse. Pa ukwati anthu azidzaloza bambo wa mkwatibwi m'malo mwa mkwatibwi. Chinthu choyenda pang'onopang'ono chonchi chikhoza kutidyera zaka zonse zotsala tili tcheru. Ndinati bola chidye ine ndekha.

Koma ndikusowani. Zimenezi sindinalembepo, ndiye muziwerenge kawiri. M'chipinda muno muli bedi, mpando umodzi ndi msomali wa malaya asanu amene munandisokera. Lamlungu ndimawasita onse, ngakhale oyera kale, chifukwa m'mphepete mwa kolala mumaoneka pamene dzanja lanu linadutsa. Kuseri kwa khoma kuli telala wina, ndipo makina ake akamalira ndimazimitsa wailesi.

Ukwati musausunthe. Malaya oyerawo apatseni abusa.

Mwamuna wanu,
Bambo a Phwiti

26 Julayi

Bambo a Phwiti,

Moni, Mdala wa Choko. Ndawerenga kawiri monga munanenera, kenako kachitatu kuti ndipeze pamene mukunama. Sindinapeze. Ndalira tsopano, mokwanira, mpaka Phwiti anatseka shopu n'kuuza makasitomala kuti magetsi azima, chonsecho makina anga ndi opalasa ndi phazi.

Za mayi wa mano anayi, mumupepesere. Mumuuze kuti mbaleyo azidzazabe.

Malaya oyera sindinapatse abusa, ali ndi mimba. Ndawasula ulusi wonse ndipo nsaluyo yalowa mkati mwa diresi la mwana wanu. Abuluu atuluka m'sutikesi.

Tsopano ndimvereni, chifukwa pa nkhani ya kudikira inu ndinu wophunzira kumene. Mwadikira chaka chimodzi ndipo mukuti dzanja limathamangira pakhosi. Ine dzanja langa lakhala likuthamangira pa katani ya pawindo kuyambira tsiku limene munakwera basi. Lole iliyonse ikaima pamsewu, phazi limaima lokha pamakina. Inu bola ali ndi kakhadi kolembedwa tsiku. Ine kakhadi kanga kamalembedwa kuti "tidzaona." Palibe nesi amene anandikwezapo pasikelo kuona ngati ndikuonda nako.

Ndipo ndaphunzira chinthu chimodzi. Kudikira sikupha, koma kudikira wekha kumakudya. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma sananene kuti uzidekha uli wekhawekha m'chipinda cha mpando umodzi, ukumvetsera makina a mkazi wa eni.

Mukuti ndizidzakuyang'anani pakhosi. Inde, ndidzayang'ana. Ndine telala, khosi la munthu ndimaliona asanandipatse moni. Koma pano ndikuyang'ana chiyani? Tizingwe pamsomali. Mukuganiza kuti mantha anga ndi ochepa chifukwa simukuwaona? Ali pompano, amadya nane, amagona mbali yanu ya bedi. Bwerani muwachotsepo, malowo ndi anu.

Tipangane chonchi. Ndizidzakuyezani ndi tepi kamodzi pamwezi, tsiku loyamba, mmawa, tisanamwe tiyi. Zikatero nkhani ya khosi yatha mpaka mwezi wina. Inu dzanja lanu lizikhala m'thumba, ine maso anga azikhala pankhope panu, ngakhale kuti si nkhope yoti munthu n'kuiyang'ana mwezi wathunthu. Zoyeza zenizeni azichita achipatala cha kuno, Phwiti anafunsa kale. Pemphani kalata kwa dokotala wanu wamfupiyo. Ndowa sindidzakulandani, musade nkhawa. Geti lathu lomwe likulendewera ndi waya, nyumba ya wowotcherera. Anthu amaseka.

Ndipo tsiku limene adzanene kuti nthawi ya mankhwala yakwana, kaya ndi chaka chamawa kaya tili ndi zidzukulu, beseni lija adzakugwirireni ndani? Abwana?

Ngati zaka zatsala zambiri, ndikuzifuna. Ngati zatsala zochepa, ndiye ndikuzifunitsitsa. Mwandipatsa malata, mwandipatsa sukulu ya mwana. Tsopano ndikupempha munthu.

Malaya ndamaliza thupi ndi manja. Kolala sindisoka. Kachingwe munatumiza kaja ndi ka Malichi, ndipo sindikudziwa ngati kakunenabe zoona.

Mkazi wanu,
Mayi a Phwiti

10 Seputembala

Bambo a Phwiti,

Moni. Achimwene abwera kawiri opanda kanthu m'manja. Ulendo wachiwiri sindinawafunse, iwonso anangoyang'ana matayala.

Sindikukalipa. Pafoni munati "zili bwino," ndipo ndinamva kuti munazimitsa galaindala kuti munene zimenezo, ndiye ndikuthokoza.

Diresi latha. Phwiti analiyesa dzulo, anaima pagalasi nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati amalume ake angadzamugwire dzanja zikavuta. Ndinati afunse yekha. Sanafunsebe.

Malaya anu ali pa hang'ala kuseri kwa chitseko, opanda kolala. Chitseko chikatseguka amagwedezeka ngati munthu akufuna kulowa.

Mayi a Phwiti

28 Seputembala

Mayi a Phwiti,

Moni kwa inu ndi kwa mkwatibwi.

Ndinachedwa kuyankha chifukwa ndinkadikira tsiku langa la kuchipatala. Sindinafune kukulemberani ndisanamve. Ndinapita Lachitatu. Magazi ali bwino. Cha m'khwapa chili chimodzimodzi. Cha pakhosi chakula pang'ono, pang'ono kwambiri, akuti si zoti tiyambire mankhwala. Tidikirabe.

Nditatuluka ndinakhala pabenchi yapanja ndi kakhadi kanga. Ndinafuna kuuza munthu kuti chakula pang'ono. Ndinafunanso kuuza munthu kuti pang'ono pokha. Ndinayang'ana uku ndi uku, panali mlonda yekha. Ndinabwerera mkati n'kukagogodanso kwa dokotala.

Kalata wandilembera, zotsatira zonse zili mu envulopu yaikulu. Tsiku lotsatira ndi la mu Disembala, ndipo walemba kuti ndikaonedwere kumeneko. Mageti a sukulu ndamaliza. Abwana andipatsa makina ang'onoang'ono owotcherera, akale koma amagwira. Alamu akuti malo alipo kumbuyo kwa lole, ulendo wawo wa Lachisanu likudzali. Bedi ndi mpando ndasiyira mayi wa mano anayi.

Mantha ndikadali nawo, ndibwera nawo. Muwakonzere malo pafupi ndi anuwo.

Phwiti asafunse amalume ake. Thumba la choko lisasowe.

Muona kuti mu envulopu muno mulibe kachingwe. Konzani tepi. Khosi ndibwera nalo ndekha.

Mwamuna wanu,
Bambo a Phwiti